Oyilo wa giyabokosi akasanduka ngati yogati: fizikisi yogwirira madzi obisala

Nyengo ya mvula yapitayi alamu anga anandiimbira foni mawu ali ozizira. "Alamu, galimoto ija ikuchita zachilendo. Ndikaponda mafuta injini ikungolira, koma liwiro palibe." Nditawafunsitsa, anaulula kuti masiku atatu m'mbuyomo anawoloka pamsewu posefukira, madzi mpaka kukhudza zitseko. Galimoto yawo ndi ya otomatiki, ngati zambiri zimene timaitanitsa kuchokera ku Japan. Ine sindine makaniko, koma zimene tinachita masana amenewo ndi fizikisi yomweyi imene timaphunzira m'kalasi.

Tiyambe ndi ntchito ya oyilo wa m'giyabokosi, amene amakaniko amamutchula kuti ATF. Oyiloyu amanyamula mphamvu ya injini, amakankha timbale ta klatchi kuti giya ilowe, amafewetsa zitsulo komanso amachotsa kutentha. Timbale timeneti tinakutidwa ndi chinthu chonga pepala chomatidwa pachitsulo. Madzi akalowa, pepalalo limanyowa n'kumatuka, ndipo zitsulo zimayamba dzimbiri. Apa ndi pamene giya imayamba kuterereka. Ndiye funso lathu linali limodzi: muli madzi kapena mulibe?

Poyamba tinayang'ana mtundu. Tinasolola kandodo koyezera oyilo n'kupukutira pansalu yoyera. ATF wambiri amakhala wofiira komanso woonekera mkati, ndipo akakalamba amadera. Wa alamu anga anali wa pinki, wambuu, ngati yogati wa sitiroberi. Chifukwa chake n'chakuti madzi ndi oyilo sasungunukirana, koma pampu ya m'giyabokosi imawatakasa mpaka madziwo kugawika kukhala timadontho ting'onoting'ono tomwazikana mu oyilo. Chosakaniza chotere ndi emulsion. Kuwala kukafika pa kadontho kalikonse kumapindika, kwina kumabwerera, motero kumamwazikira mbali zonse. Mkaka umaoneka woyera pa chifukwa chomwechi, kungoti mumkaka ndi mafuta amene ali timadontho m'madzi.

Kachiwiri tinagwiritsa ntchito density. Tinatapa oyilo pang'ono n'kuthira m'kabotolo kagalasi, n'kukasiya pawindo. Madzi ali ndi density ya 1,000 kg/m³, pamene ya ATF ili cha m'ma 850 kg/m³. Cholemera chimatsika, basi. Mmawa mwake pansi pa kabotolo panali patadikha kamzere ka madzi. Koma njira iyi imafuna kudekha, poti mankhwala amene amaikidwa mu ATF amachedwetsa timadontho kuti tigwirizane. Madzi akakhala ochepa mutha kudikira tsiku lonse osaona kanthu.

Njira yachitatu ndi imene imandisangalatsa. Tinatenthetsa chiwaya chakale, n'kuchichotsa pamoto, n'kudonthezapo dontho limodzi la oyilo uja. Linathetheka ngati mmene zimachitikira mukaponya nsomba yonyowa m'mafuta otentha. Dontho la ATF watsopano wa m'botolo linangoyenderera mwakachetechete. Madzi amawira pa 100°C m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo kumalo okwera ngati Lilongwe amawira cha pa 96°C kapena 97°C. Oyilo amafuna kutentha kwakukulu kuposa pamenepo. Choncho pachiwaya cha pafupifupi 150°C, kadontho kalikonse ka madzi kamasanduka nthunzi mwadzidzidzi, n'kufufuma pafupifupi ka 1,700. Kuphulika kwa tithovu timeneti ndiko kuthetheka kumene timamva. Mukafuna kuyesa, chitirani panja, pakhale munthu wamkulu, kutali ndi lawi la moto, ndipo nkhope ikhale patali.

Titatsimikiza kuti madzi alimo, panatsala kudziwa kumene analowera. Pali makomo awiri odziwika. Loyamba ndi kabowo kopumira kamene kali pamwamba pa giyabokosi. Giyabokosi ikamagwira ntchito imatentha cha pa 80°C mpaka 90°C. Ikamira m'madzi ozizira, mpweya wa mkati umazizira n'kuchepa. Kumbukirani lamulo la Charles, ndipo musaiwale kusintha manambala kukhala ma kelvin. Kuchoka pa 90°C kufika pa 30°C ndi kuchoka pa 363 K kufika pa 303 K. Mukagawa 303 ndi 363 mupeza 0.83, kutanthauza kuti mpweya wachepa ndi gawo limodzi mwa magawo 6. Malo otsalawo amadzazidwa ndi chilichonse chimene chili pakamwa pa kabowo. Ngati ndi madzi, giyabokosi imamwa madzi.

Khomo lachiwiri ndi radiyeta. M'galimoto zambiri paipi ya ATF imadutsa mkati mwa radiyeta kuti oyilo azizizira. Paipiyo ikang'aluka, oyilo ndi madzi a injini amakumana. Injini ikazima, pampu ya oyilo imaima, koma madzi a m'radiyeta amakhalabe otentha ndi opanikizika, ndiye amadzikankhira mu oyilo. Vutoli linadziwika kwambiri ku America pa galimoto za Nissan Pathfinder, Xterra ndi Frontier za chaka cha 2005 mpaka 2010. Chizindikiro chake n'chakuti madzi a m'radiyeta amachepa popanda podontha, ndipo pamwamba pake pamayandama mafuta. Musatsekule radiyeta injini ikadali yotentha, nthunzi yake imawotcha koopsa.

Radiyeta ya alamu anga titaitsekula m'mawa itazizira, madzi anali odzaza ndi oyera bwino. Wolakwa anali msewu wosefukira uja. Ndinawauza kuti, "Alamu, musailizenso. Tiikoke kapena tiinyamule." Kugalaja anakhetsa oyilo kangapo, chifukwa kukhetsa kamodzi kumasiya wambiri mkati, ndipo anasinthanso sefa. Galimoto ikuyenda, ngakhale makaniko anachenjeza kuti timbale tikanyowa sitibwerera mwakale. Akanapitiriza kuyenda nayo, akanagula giyabokosi ina, ndalama yoposa malipiro anga a miyezi ingapo.

Nali funso loti mukayese m'kope: ngati m'giyabokosi muli mpweya wa malita 3 pa 85°C, ndipo wazizira kufika pa 25°C, ndi madzi ochuluka bwanji amene angayamwidwe kabowo kakakhala pansi pa madzi?