Injini Yakale Ikayamba Kugogoda

Anzanga, pa chuthi chapitachi ndinathandiza amalume anga kukonza Morris Minor imene injini yache inali kugogoda. Galimoto zimenezi zinapangidwa ku England kuyambira 1948 kufikira 1971. Zipangizo zache nzosowa, motero munthu akanyozera kugogodako, injini yonse itha kuonongeka. Amalume anandiuza kuti makaniki wanzeru ayamba wamvetsera asanagwire sipanala. Nazi zimene ndinaphunzira.

Choyamba, pali kulira konga kwa timiyala m'chitini, kumene kumveka pokwera chitunda ndi giya yaikulu. Petulo ndi mpweya ziyenera kupsa mwadongosolo kuchokera pa moto wa pulagi. Koma zina zikaphulika zokha moto usanazifike, pisitoni imenyedwa ngati ndi nyundo. Chochititsa ndicho petulo wofooka, moto wofulumira kuyaka, kapena mwaye wochuluka m'silinda. Mankhwala ache ndiwo kubweza taimingi pang'ono, kuthira petulo wabwino, kapena kupala mwayewo. M'chaka cha 1921 Thomas Midgley wa ku America anapeza kuti mtobvu uletsa bvutoli. Koma popeza mtobvu ndi poizoni, petulo wotere wa galimoto anatheratu pa dziko lonse mu 2021.

Chachiwiri, kulira kopepuka kwa "ti-ti-ti" pamwamba pa injini ndi matapeti otalikirana. Alira pang'onopang'ono, chifukwa camshaft izungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri. Bvuto limeneli nlaling'ono.

Chachitatu, phokoso likamveka m'mawa injini iri yozizira, nkuleka ikatentha, ndiye kuti pisitoni yatha ndipo igwedera m'silinda. Chitsulo chikatentha chifufuma, nchifukwa chache phokosolo lichepa.

Chachinai ndicho choopsa: kugunda kolemera pansi pa injini, kumene kukula mukaponda mafuta. Apa beringi yadyeka, kawirikawiri chifukwa chosowa oyilo. Zimitsani injini msanga, pakuti ndodo ya pisitoni itha kuthyoka ndi kuboola injini.

Nanga tidziwa bwanji malo eni eni? Yambani mwayesa oyilo. Kenaka gunditsani nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injini, chigwiriro chache pakhutu, ndipo mudzamva kumene phokoso lichokera. Pomaliza chotsani waya wa pulagi umodzi umodzi ndi pulayazi ya mphira. Silinda imene phokoso lichepa waya wache utachoka, ndiyo yodwala. Chenjerani ndi magetsi a wayawo, ndiponso malaya asayandikire fani.

Pa galimoto yathu ija phokoso linachepa titachotsa waya wachitatu, ndipo oyilo anali wochepadi. Tinaika beringi zatsopano, injini nkuyambanso kulira bwino. Tikadangobweza taimingi mongoganiza, bwenzi itaphwasukira panjira.

Anzanga, nchito imeneyi iri ngati ija tichita m'kalasi la sayansi: kupenyetsetsa, kuyesa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo pambuyo pache kugamula.

Wophunzira wa Fomu 3