Zipangizo za Ndakatulo: Kudziwa Mtundu wa Mawu Amene Tikuwerenga

Ambiri mwa ife tinayamba kumva za chifanifani, umunthu, voko ndi chibwereza m'kalasi ya Chichewa, tikukonzekera mayeso a Fomu 4. Tinaloweza matanthauzo ake, tinawalemba pa pepala la mayeso, kenako tinawasiya komweko pamodzi ndi yunifolomu. Komatu Sabata lililonse timatsegula buku lodzaza ndi ndakatulo. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a Chipangano Chakale linalembedwa mwa ndakatulo: Masalimo, Miyambo, Yobu, Maliro, Nyimbo ya Solomo ndiponso mbali yaikulu ya mabuku a aneneri. Munthu wosadziwa mmene ndakatulo imayankhulira angathe kuwerenga mawu onse bwinobwino, osaphonya ngakhale chilembo chimodzi, koma n'kumva zimene wolemba sananene.

Tiyambe ndi chifanifani, poti ndicho timachidziwa tonse. Tikati, "Mtima wa bambo aja ndi wouma ngati nthaka ya mu Okutobala," mawu oti "ngati" akutichenjeza kuti apa tikungoyerekeza. Tikachotsa mawuwo n'kunena kuti, "Mtima wa bambo aja ndi nthaka ya mu Okutobala," kuyerekezako kulipobe, kungoti kwabisala, ndipo mawu alemera kuposa poyamba. Palibe Mmalawi amene angafunse kuti m'mtimamo tingadzalemo chimanga chochuluka bwanji. Aliyense wamva kuti nkhani ndi kuuma basi.

Pamenepa pali phunziro limene alaliki achinyamata timaliphonya kawirikawiri. Chifanifani chimagwira mbali imodzi kapena ziwiri za chinthu, zotsalazo chimazisiya. Pamene Paulo akuyerekeza kufika kwa tsiku la Ambuye ndi kubwera kwa wakuba usiku, akunena za kudzidzimutsa kwake. Za kuba, kuthyola zenera ndi kuthawa apolisi mulibemo. Ndiponso chithunzi chimodzi sichikhala ndi tanthauzo limodzi paliponse. Pa Chivumbulutso 5 mkango ukuimira Khristu, pomwe pa 1 Petro 5 mkango womwewo ukuyerekezedwa ndi mdierekezi. Poyamba paja wolemba akuona ufumu ndi kupambana kwa mkango, pachiwiripo akuona njala yake. Choncho funso lathu nthawi zonse likhale lakuti: zinthu ziwirizi zikufanana pati, pa ndime ino?

Umunthu ndi kupatsa chinthu chopanda moyo machitidwe a munthu. Mu Salimo 98 mitsinje ikuomba m'manja. Pa Miyambo 9 nzeru ndi mayi amene wakonza phwando, ndipo uchitsiru nawo ndi mayi amene akuitana anthu odutsa m'njira. Izi sizivuta. Chimene chinavuta m'mbiri ndi msuweni wake wa umunthu, kulankhula za chilengedwe monga mmene maso amachionera. Salimo 19 limajambula dzuwa ngati mkwati ndiponso ngati katswiri wothamanga, ndipo masalimo ena amanena za dziko lokhazikika losagwedezeka. Mavesi otere, pamodzi ndi nkhani ya pa Yoswa 10, anagwiritsidwa ntchito potsutsa chiphunzitso choti dziko limazungulira dzuwa. Mu 1633 Galileo anazengedwa mlandu ku Rome chifukwa cha chiphunzitsochi, ndipo anakhala pa ukaidi wosachoka panyumba mpaka imfa yake mu 1642. Mlanduwo unali ndi zifukwa zambiri, za ndale ndi za ulamuliro, koma chimodzi mwa izo chinali kuwerenga nyimbo ya chitamando ngati buku la sayansi. Ife lero timati "dzuwa latuluka" ndi "dzuwa lalowa" tsiku lililonse, ngakhale mphunzitsi wa jogalafe amatero, ndipo palibe amene amatiyesa abodza.

Tsopano voko, kumene kuli kukokomeza mwadala. Mayi akati, "Ndakuitana kokwana chikwi," mwana wanzeru sayamba kuwerengetsa; amangothamanga. Yesu ankaligwiritsa ntchito kwambiri voko: mtanda wa denga m'diso la munthu, kusefa kanyerere n'kumeza ngamira, komanso ngamira yodutsa pa diso la singano pa Mateyu 19. Chitsanzo chomalizachi chatisautsa kwa zaka mazana ambiri. Mwina munamvapo pa guwa kuti ku Yerusalemu kunali kachipata kotchedwa Diso la Singano, kamene ngamira inkalowapo chogwada atayitsitsa katundu. Nkhaniyi ndi yokoma, ndipo imapereka ulaliki wosavuta. Vuto lake ndi lakuti palibe umboni woti m'masiku a Yesu kunali chipata cha dzina limenelo. Nkhaniyo inayamba kuoneka m'zolemba patadutsa zaka mazana ambiri. Ndipo mu Talmud ya ku Babulo arabi ali ndi mawu ofanana nawo, okamba za njovu yodutsa pa diso la singano, potanthauza chinthu chosatheka. Ophunzira a Yesu anamva chimodzimodzi, n'chifukwa chake anadabwa kwambiri n'kufunsa ngati pali wina amene angapulumuke. Yankho limene analandira linawalozera kwa Mulungu, amene kwa Iye zosatheka zimatheka. Taonani tsono zimene kachipata kaja kamachita. Kamasandutsa chosatheka kukhala chovuta chabe, chimene munthu wakhama angachikwanitse atagwada mokwanira. Pothawa voko, tasintha chiphunzitso chonse cha ndimeyo.

Chipangizo chachikulu cha ndakatulo za Chihebri ndi chibwereza cha ganizo, ndipo apa tikhalitsepo pang'ono. Ndakatulo zambiri za Chingelezi zimene tinaphunzira kusukulu zimadalira maliwu ofanana kumapeto kwa mizere. Alakatuli a Chihebri sankadalira zimenezo. Iwo ankagwirizanitsa maganizo: mzere woyamba unena chinthu, wachiwiri uchiyankha. Robert Lowth, amene ankaphunzitsa za ndakatulo ku Oxford, anafotokoza kalembedwe kameneka m'buku lake la mu 1753, ndipo anakagawa m'mitundu itatu. Tipange zitsanzo zathuzathu. Mtundu woyamba, mzere wachiwiri umabwereza ganizo m'mawu ena:

Mvula yachedwa chaka chino,
mitambo ikudutsa osatiyang'ana.

Mtundu wachiwiri, mizere imatsutsana, ndipo umenewu wadzaza m'buku la Miyambo kuyambira mutu 10:

Wolawirira kumunda adzadya nsima yoyera,
wodzuka dzuwa litakwera adzapempha gaga kwa mnansi.

Mtundu wachitatu, mzere wachiwiri umangopitiriza kapena kumaliza zimene woyamba wayamba. Kunena zoona, gulu lachitatuli ndi dengu limene Lowth anaponyamo zonse zimene sizinakwane m'madengu awiri aja, ndipo akatswiri a pambuyo pake anamudzudzula pa chimenechi. James Kugel mu 1981 ndi Robert Alter mu 1985 anaonetsa kuti ngakhale mtundu woyamba uja si kubwereza wamba. Mzere wachiwiri kawirikawiri umakweza, umanola kapena kuyandikitsa zimene woyamba wanena. Bwererani ku chitsanzo cha mvula chija. Mzere woyamba ndi nkhani ya nyengo imene aliyense angamve pa wailesi. Wachiwiri walowetsamo mtima wa mlimi amene akuona ngati kumwamba kwamufulatira.

Kudziwa zimenezi kumatithandiza pawiri. Choyamba, tikakumana ndi mawu ovuta mu mzere umodzi, mnzake wa mzerewo amatiunikira tanthauzo lake, ngati mmene munthu amafunsira kwa mapasa wina za mnzake. Chachiwiri, timaleka kung'amba vesi limodzi kukhala ziphunzitso ziwiri. Mmasalimo akatchula pakamwa mu mzere woyamba ndi lilime mu wachiwiri, kapena Yakobo apa ndi Israeli apo, nthawi zambiri akunena chinthu chimodzi kawiri, ndipo kufunafuna chinsinsi cha kusiyana kwake n'kutaya nthawi ya Sukulu ya Sabata. Pali chinanso chosangalatsa. Maliwu ofanana amafa ndakatulo ikamasuliridwa m'chinenero china, koma maganizo ogwirizana amawoloka amoyo. N'chifukwa chake salimo la m'Buku Lopatulika la mu 1922 limamvekabe ngati ndakatulo m'makutu mwathu. Khutu lathu linazolowera kale kachitidwe aka. Pa maliro, pa chinkhoswe ngakhale pa mtondo, wotsogolera amaponya mzere, gulu n'kuyankha. Salimo 136 lili ndi mavesi 26, ndipo lililonse limathera ndi mawu omwewo a kuyankha, kusonyeza kuti linapangidwira gulu loyimba molandizana.

Zipangizo zina tingozidutsa msanga. Funso la chodziwadziwa silidikira yankho: kuyambira Yobu 38 Mulungu akufunsa mafunso otsatizana, ndipo cholinga chake n'chakuti Yobu aone kuchepa kwake. Pali kunena mawu otamanda uku ukutanthauza zosiyana nawo, monga mmene Yobu akuyankhira abwenzi ake kumayambiriro kwa mutu 12, kapena mmene Eliya akusekera aneneri a Baala pa phiri la Karimeli. Wowerenga mosamva kamvekedwe ka mawu angaganize kuti Yobu akuwayamikiradi anzakewo. Chizindikiro nacho timachidziwa bwino kuchokera m'maulosi. Ubwino wake ndi wakuti kawirikawiri buku lomwelo limapereka kiyi: Danieli 7 akufotokoza yekha kuti zilombo zikuimira mafumu ndi maufumu, ndipo Chivumbulutso 17 chikunena kuti madzi akuimira mitundu ya anthu.

Chipangizo chimodzi sichinathe kuwoloka kufika m'Chichewa, ndiye tiyenera kuuzidwa kuti chilipo. Ndakatulo zina za Chihebri zimatsata afabeti, mzere kapena ndime iliyonse kuyamba ndi chilembo chotsatira. Afabeti ya Chihebri ili ndi zilembo 22. Salimo 119 lili ndi ndime 22, iliyonse ya mavesi 8 oyamba ndi chilembo chimodzi, ndiye kutalika kwake kwa mavesi 176 sikunangochitika mwangozi. Ndakatulo ya mkazi wangwiro pa Miyambo 31:10-31 inamangidwanso chomwecho. Koma pamene kalembedwe aka kamagwira mtima kwambiri ndi m'buku la Maliro, lolira kuwonongedwa kwa Yerusalemu ndi Ababulo. Mitu 1, 2 ndi 4 ili ndi mavesi 22 uliwonse, motsata afabeti. Mutu 3, wapakati, uli ndi mavesi 66, atatu pa chilembo chilichonse. Munthu amene mzinda wake wasanduka phulusa wakhala pansi n'kuyala chisoni chake mwadongosolo, kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza, kuti pasatsale chosaliridwa. Mutu 5 nawo uli ndi mavesi 22, koma zilembo zija sizikutsatananso, ndipo mutu wonsewo ndi pemphero.