Inshuwalansi ya nyumba: zimene imalipira ndi zimene imakana

Namondwe wa Freddy atawomba chigawo chakummwera m'mwezi wa Marichi 2023, mabanja ambiri m'boma la Thyolo anatsala opanda pogona. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inathandiza ndi chakudya ndi zofunda, koma ntchito yomanganso nyumba inatsalira eni ake. Apa ndi pamene inshuwalansi imafunika, ngakhale kuti siilipira chilichonse chimene chawonongeka.

Makampani monga NICO General, Britam ndi General Alliance amagulitsa mitundu iwiri. Woyamba umateteza nyumba yeniyeniyo: makoma, denga, zitseko ndi mawindo. Wachiwiri umateteza katundu wa m'nyumba monga mipando, wailesi ndi zovala. Wogwira ntchito pa esiteti ya tiyi amene amakhala m'nyumba ya kampani safunika mtundu woyamba, poti nyumbayo si yake. Wachiwiri ndiwo umamukhudza. N'chimodzimodzinso ndi wochita lendi pa Goliati.

Kawirikawiri mgwirizano umalipira moto, mphezi, mphepo yosasula denga, komanso kuba kumene akuba athyola chitseko kapena zenera. Katundu wosowa pakhomo losatseka salipiridwa, ndipo kampani imafuna lipoti la apolisi.

Pamadzi ndi pamene anthu a kuno ayenera kuwerenga mofatsa. Madzi osefukira amatha kulipiridwa ngati alembedwa m'chikalata cha mgwirizano. Koma kugumuka kwa nthaka, kumene matope amatsika m'phiri n'kukwirira nyumba, makampani ambiri amakuika padera, ndipo sakulipira pokhapokha mwininyumba atakupempha ndi kuwonjezera ndalama. M'dera la zitunda ngati lino, funso limeneli ndilo loyamba kufunsa wogulitsa inshuwalansi asanalandire ndalama iliyonse.

Kamangidwe nakonso n'kofunika. Nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata imalandiridwa mosavuta. Ya zidina kapena yofolera udzu imakanidwa kapena kulipiritsidwa ndalama zambiri. Khoma logwa chifukwa cha maziko osalimba, mitengo ya denga yodyedwa ndi chiswe, ndi malata odontha chifukwa cha dzimbiri, zonsezi kampani imazitenga ngati kukalamba kwa nyumba, osati ngozi. Amene wasandutsa chipinda kukhala golosale kapena mosungira feteleza ndi mafuta ayenera kuuza kampani, apo ayi moto ukabuka adzabwezedwa chimanjamanja.

Msampha wina ndi wochepetsa mtengo wa nyumba pofuna kulipira zochepa pachaka. Nyumba yoti kuimanganso kungadye K20 miliyoni ikalembedwa pa K10 miliyoni, ndiye kuti yatetezedwa theka lokha. Moto ukawononga za K4 miliyoni, kampani ipereka K2 miliyoni, n'kuchotsaponso gawo limene mwini amalipira yekha, lotchedwa excess. Popeza mtengo wa simenti ndi malata ukukwera, chiwerengerochi chimafunika kuunikidwanso chaka ndi chaka.

Ngozi ikachitika, kampani idziwitsidwe msanga, zithunzi zijambulidwe, ndipo malisiti asungidwe. Wokanidwa chipukuta misozi popanda chifukwa chomveka ali ndi ufulu wokadandaula kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani onse a inshuwalansi m'dziko muno.