Nkhuku ya pa Khirisimasi imapulumuka mu Juni

Mwezi wa Meyi ukalowa, chimanga chimachuluka m'misika, madeya amatsika mtengo ndipo pa kaunjika anthu amalimbirana majuzi. Nthawi yomweyo, kuseri kwa nyumba zambiri anapiye amayamba kufa mmodzimmodzi. Mwini wake amangowatola m'mawa n'kukataya kudzala, osawerengera ndalama zomwe zapita.

Nkhuku yachikuda imatenga miyezi 5 kapena 6 kuti ifike pogulitsika. Choncho mwanapiye woswedwa mu Juni kapena Julayi ndiye nkhuku ya mu Disembala, pomwe ogula amachuluka ndipo mitengo imakwera. Mwachitsanzo, mathadzi 4 akaswa anapiye 10 lililonse, pakhomo pamakhala anapiye 40. Akapulumuka 12 okha, nkhuku 28 zatayika zisanaone msika. Woweta achulukitse 28 ndi mtengo womwe nkhuku imagulidwa pa Khirisimasi yathayi, aone yekha kukula kwa chitayikocho.

Chisanu chimapha anapiye

Nkhuku yaikulu imapirira kuzizira chifukwa nthenga zake zimasunga kutentha. Mwanapiye alibe chitetezo chotere mpaka atamera nthenga zokwanira, pakatha masabata 5 kapena 6. M'sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, pomwe usiku wa mu Juni ndi Julayi m'madera okwera monga Dedza, Ntcheu ndi Mzimba umazizira kufika pansi pa madigiri 10. Ku Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu kumabweranso chiperoni, mvula yowaza ija yodza ndi nkhungu, yomwe imanyowetsa anapiye akamatsatira make m'udzu.

Njira yotsika mtengo ndi kutsekera thadzi ndi ana ake m'kachipinda kapena m'dengu lalikulu kwa masabata 4 oyamba, n'kumawatulutsa padzuwa mame akauma. Akatsekeredwa chonchi amapulumukanso kwa kabawi ndi khwangwala, omwe amawaona mosavuta m'minda mukayera anthu atakolola.

Ogula anapiye a tsiku limodzi, kaya a nyama, a mazira kapena a Mikolongwe, alibe thadzi lowafungatira, ndiye amadalira babu kapena mbaula. Makala ayake kaye panja mpaka utsi utatha, mbaula itchingidwe kuti anapiye asapse, ndipo chipinda chisatsekedwe ponseponse chifukwa mpweya wa makala umapha anapiye ngakhalenso anthu. Wopanda choyezera kutentha angoyang'ana anapiyewo. Akaunjikana pafupi ndi moto n'kumalira, akumva kuzizira. Akathawira kumakoma atayasamula milomo, kwatentha kwambiri. Akamwazikana n'kumadya mwakachetechete, zinthu zili bwino.

Khola litchinge mphepo, lisatchinge mpweya

Mphepo ya mwera imaomba kuchokera chakummwera cha kummawa. Mbali imeneyo ya khola ndiyo yofunika kuitchinga ndi masaka, mphasa zakutha kapena udzu. Khola lam'mwamba lokhala ndi mipata pansi limalowetsa mphepo usiku wonse, choncho m'mbali mwa miyendo yake muikidwe chotchinga.

Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kukulunga khola lonse ndi pulasitiki. Nkhuku zimatulutsa chinyezi popuma ndi m'zitosi. Chinyezicho chikasowa potulukira, utuchi umanyowa, fungo limalasa m'maso ndipo nkhuku zimayamba chimfine: kuyetsemula, mamina ndi kutupa nkhope. Mipata ya kumtunda, pafupi ndi denga, izisiyidwa yotsegula. Munthu akalowa m'khola m'mawa maso ake n'kuyamba kuyabwa, adziwe kuti nkhuku zagona ndi mpweya umenewo usiku wonse.

Pansi pakhale utuchi kapena mankhusu a mpunga ouma, okhuthala ngati m'lifupi mwa chikhatho. Pomwe panyowa, makamaka pafupi ndi chomwera, pachotsedwe msanga chifukwa chinyezi chimachulukitsa tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba kwa magazi mwa anapiye. Utuchi wochotsedwawo si wotaya. Miyezi ino alimi a m'madimba amafuna manyowa a tomato ndi masamba, ndipo thumba la zitosi ndi malonda.

Nkhuku zikamagona mothithikana, utitiri ndi nsabwe zimafalikira msanga. Tizilomboti timayamwa magazi, ndipo thadzi likhoza kuthawa mazira masiku 21 asanakwane. Udzu wa m'zisa uzisinthidwa, wakalewo n'kuwotchedwa, ndipo panja pakhale malo ouma a mchenga wosakaniza ndi phulusa oti nkhuku zizisambamo.

Chakudya chigulidwe chikadali chotsika mtengo

Kukazizira nkhuku imadya kwambiri chifukwa gawo lina la chakudya limapita kukatenthetsa thupi. Nkhuku ya mazira yotsekeredwa imadya pafupifupi magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndipo m'nyengo ino imatha kupitirira pamenepo. Nkhuku zongoyenda zokha zimapeza njere zotsalira m'minda mu Meyi, koma pofika Julayi udzu umakhala utauma ndipo ziwala ndi nyongolotsi zimasowa.

Madeya okha amakhutitsa koma sakulitsa. Amafunika kusakaniza ndi zakudya zomanga thupi monga soya, zotsalira za usipa kapena bonya zomwe ogulitsa nsomba amasesa pabenchi, ndiponso chiswe. Muyeso wosavuta ndi mbale 3 za madeya pa mbale imodzi ya soya wogaya. Soyayo akazingidwe kaye, chifukwa wamuwisi amalepheretsa nkhuku kugaya bwino chakudya ndipo anapiye amapinimbira. Masamba otsala pamsika monga mpiru ndi kabichi amathandizanso.

Nthawi yogula ndi ino, kuyambira Epulo mpaka Juni, pomwe zigayo zadzaza madeya ndipo soya wangokololedwa kumene. Wodikira mpaka Okutobala amagula zomwezo pamtengo wokwera. Madeya ochokera kuchigayo amakhala ndi chinyezi, choncho ayanikidwe mpaka aume asanalowe m'thumba, ndipo matumba asanjidwe pamitengo, osati pasimenti. Madeya kapena chimanga chochita chuku si chakudya cha nkhuku. Poizoni wa chuku amaononga chiwindi, ndipo nkhuku zimaleka kukula ndi kuikira.

Madzi asasowe. Nkhuku imamwa madzi olemera pafupifupi kawiri kuposa chakudya chomwe yadya. Chomwera cha anapiye chikhale chosazama kapena muikidwe timiyala, popeza mwanapiye wonyowa m'mawa wa mu Juni sachedwa kufa.

Mazira akachepa

Ogulitsa mazira amaona kuti thireyi imachedwa kudzaza miyezi ino. Nkhuku imaikira bwino ikamaona kuwala kwa maola 14 mpaka 16 patsiku, pomwe mu Juni dzuwa limawala maola 11 ndi mphindi zochepa. Mathadzi ena amathothokanso nthenga n'kuleka kuikira kwa masabata angapo. Awa si matenda, ndipo kugulitsa thadzi lotere mothamanga n'kudzibera. Limafuna chakudya chomanga thupi kuti limere nthenga zatsopano. Kwa oweta nkhuku za mazira, nyale ya sola yoyaka maola 2 kapena 3 madzulo alionse imathandiza, bola iziyatsidwa ndi kuzimitsidwa nthawi yofanana tsiku lililonse. Zikamba za mazira zowotcha ndi kusinja zimalimbitsa chikamba cha dzira, ndipo osweka panjira amachepa.

Katemera wa mu Julayi

Kuzizira kukamatha, chitopa, chomwe ena amati chideru, chimayamba kusesa makola. Zizindikiro zake ndi zitosi zobiriwira, mapiko ogwa ngati nkhuku yavala jekete, kupuma movutikira ndi kupindika khosi. Matendawa alibe mankhwala. Makapisozi a anthu omwe ena amasungunulira m'madzi a nkhuku sapha kachilombo ka chitopa.

Chitetezo ndi katemera. Wa I-2, yemwe amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, amaperekedwa podontheza kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuyambira mwanapiye mpaka tambala. Amabwerezedwa miyezi 4 iliyonse, ndipo m'madera ambiri alangizi a ziweto amatemera mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Wa mu Julayi ndi wofunika kwambiri chifukwa chitetezo chimatenga sabata imodzi kapena awiri kuti chikhwime, ndipo chiyenera kukhala chilipo matenda asanafike. Katemera sachiza nkhuku yodwala kale. Botolo lake lisaikidwe padzuwa. Paulendo likulungidwe m'kansalu konyowa.

Chitopa chikagwa m'dera, aliyense amathamangira kumsika ndi nkhuku zake ndipo mtengo umagwa. Wotemera sagulitsa mwamantha. Amasunga nkhuku zake mpaka Disembala, pomwe anzake makola ali mbee.

Wamalonda asabweretse matenda kunyumba

Ambiri ogulitsa nkhuku m'misika amawetanso zawo pakhomo, ndipo ngozi imalowera pamenepo. Nkhuku yotsala pamalonda yakhala tsiku lonse pamodzi ndi zochokera m'midzi yosiyanasiyana. Ikaponyedwa m'khola limodzi ndi za pakhomo madzulo, imatha kupatsira zonse. Nkhuku zamalonda zikhale ndi pogona pakepake, ndipo yogulidwa kuti iwetedwe ikhale payokha masiku 14 isanasakanizidwe ndi zinzake. Madengu, zingwe ndi nsapato zochokera kumsika zisafike pomwe pali anapiye.

Popikula, wamalonda achenjere ndi munthu wogulitsa nkhuku zambiri nthawi imodzi pamtengo wogwetsa. Kawirikawiri kwawo kwagwa matenda. Nkhuku yowodzera, ya mamina kapena yodetsedwa kumbuyo isagulidwe ngakhale itatsika mtengo chotani.

Masaka akale, thumba la utuchi, madeya ogula pa nthawi yake ndi katemera wa khola lonse sizifuna mpamba waukulu. Kwa woweta nkhuku 20 kapena 30, kugulitsa atambala awiri mu Meyi kukhoza kulipira zambiri mwa izi, n'kupulumutsa anapiye omwe adzakhale pamsika mu Disembala.