PHUNZIRO LA MWEZI UNO: CHINTHU CHIKALASA M'DISO, MUSACHIZULE

Ntchito ya mlimi imadalira maso. Wosankha fodya amasiyanitsa magiredi ndi maso, wolima thonje amaona mbozi ndi maso, ndipo kumsika ndi maso amene amawerenga sikelo. Koma ntchito yomweyo ndi imene imaika maso pangozi. Phunziro lino ndi la alimi olembetsedwa ndi onse olima m'maesiteti, ndipo likufotokoza zoyenera kuchita pamene chinthu chaboola diso.

Ngoziyi imachitika bwanji?

Kawirikawiri imachitika pomenya chitsulo ndi chitsulo chinzake, monga pokhoma misomali pa chigafa, posula khasu kapena pokonza ngolo. Kachitsulo kamathetheka ndi liwiro lalikulu n'kulowa m'diso. Zina zolasa ndi waya wa mpanda umene wadukira munthu akuukoka, minga, mapesi a chimanga, timitengo todumpha powaza nkhuni za m'balani, ndi singano zosokera fodya. Ana nawo amalasana ndi malegeni ndi mivi yosewerera.

Chifukwa chake simuyenera kuzula

Diso lili ngati kampira kodzaza ndi madzi ndi zinthu zofewa ngati utomoni. Kukula kwake ndi pafupifupi mamilimita 24, ndipo chikopa chake cha kutsogolo, chooneka ngati galasi, sichifika ngakhale milimita 1 kuchindikala. Chinthu chikaboola chikopachi, chimakhala ngati chitsekerero pa botolo. Mukachizula, kapena mukapanikiza diso, za m'kati zimatulukira pa bowolo, ndipo zina mwa zimene zatuluka dokotala sangathe kuzibwezera. Munga kapena waya wopindika umang'ambanso malo ena potuluka.

Kusiyanitsa chitsotso ndi cholasa

Fumbi, mankhusu kapena kachirombo kogwera m'diso ndi chitsotso chabe, ndipo chimachoka ndi misozi kapena madzi oyera. Mankhwala opopera, feteleza kapena laimu zikagwera m'diso, tsukani msanga ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 20, kenaka pitani kuchipatala. Koma diso lobooka silitsukidwa. Zizindikiro zake ndi izi:

1. Chinthu chikuoneka chitazikika m'diso.
2. Munthu wasiya kuona bwino mwadzidzidzi.
3. Kamwana ka diso sikalinso kozungulira, kasongoka mbali imodzi.
4. Kanthu kakuda kapena kofiirira katulukira pa bala.
5. Magazi aima m'kati mwa diso, kapena madzi akuchucha pa bala.

Chenjerani: kachitsulo kakang'ono kangathe kulowa n'kubisala m'kati, diso n'kumaoneka labwinobwino, ululu wake n'kukhala wochepa. Aliyense amene wamva kanthu kakumumenya m'diso pamene amamenya chitsulo ayenera kupimidwa tsiku lomwelo.

Zoyenera kuchita

1. Khazikani wovulalayo pansi, mutu uli m'mwamba, ndipo mulimbitseni mtima. Mugwireni manja ngati ndi mwana kuti asatikite.
2. Sambani m'manja ndi sopo.
3. Vindikirani diso ndi chinthu cholimba chosakhudza diso, monga kapu ya pepala kapena ya pulasitiki, kapena tsinde la botolo la pulasitiki lodulidwa bwino. M'mphepete mwake mukhale pa mafupa, pa nsidze ndi pa tsaya. Matani ndi pulasitala.
4. Ngati cholasacho ndi chachitali, musachidule kapena kuchigwedeza. Pindani nsalu yoyera ngati nkhata, ikani mozungulira diso, ndipo kapu ikhale pamwamba pa nkhatayo.
5. Muuzeni asayang'ane uku ndi uku. Maso amayendera pamodzi, choncho diso labwino likatembenuka, lovulala limatembenukanso.
6. Musamupatse chakudya kapena chakumwa, chifukwa mwina adzafunika mankhwala ogonetsa pa opareshoni. Kumbukirani nthawi imene anavulala ndi imene anadya komaliza.
7. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche kapena kuti ntchito ithe. Tengani buku lake la kuchipatala, ndiponso chida chimene amagwiritsa ntchito kuti dokotala adziwe mtundu wa chitsulo.

Pa ulendo asawerame, asanyamule katundu, asamine mwamphamvu, ndipo asapalase yekha njinga. Zonsezi zimakankha za m'kati mwa diso. Eni esiteti ndi akapitawo, perekani galimoto mosazengereza, ngakhale pakhale mabelo odikira kupita kumsika.

Zosayenera kuchita

Musapanikize diso ndi thonje kapena bandeji. Musakanule zikope ndi zala. Musayese kuchotsa kanthu ndi lilime, nthenga, machesi kapena maginito. Musathiremo chilichonse: mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a masamba, madzi a shuga, ngakhale mankhwala a m'maso otsala m'nyumba. Pa diso lobooka zinthu izi zimalowa m'kati ndi tizirombo toyambitsa matenda. Musamupatse asipirini, chifukwa amachulukitsa kukha magazi.

Za kuchipatala

Chipatala chaching'ono chidzakutumizani ku chipatala cha boma kapena ku chachikulu. Madokotala a maso amapezeka ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku zipatala zazikulu za Zomba ndi Mzuzu, ndiponso ku Nkhoma. Mukatumizidwa, pitirirani ulendo, musabwerere kumudzi. Kumeneko wodwala amalandira mankhwala opha tizirombo ndi jekeseni ya kafumbata, amamujambula kuti aone pamene pali chinthucho, ndipo amasoka bala. Madokotala amafuna kusoka diso lotere asanathe maola 24.

Kuchedwa kuli ndi zoopsa zitatu. Choyamba ndi mafinya a m'kati mwa diso. Minga, mapesi ndi zida zokhala ndi dothi zimanyamula tizirombo timene tingathe kuononga diso pa tsiku limodzi kapena awiri. Chachiwiri, chitsulo chotsalira m'kati chimachita dzimbiri ndi kupha diso pang'onopang'ono, patapita miyezi kapena zaka. Chachitatu, ngakhale sizichitika kawirikawiri, diso labwino lija limayamba kudwala chifukwa cha lovulalalo, patapita milungu kapena miyezi. Choncho musaphonye masiku amene dokotala wakuuzani kuti mubwerenso, ndipo diso labwino likayamba kufiira, kuopa kuwala kapena kuona mwachimbuuzi, thamangirani kuchipatala.

Kupewa

Valani magalasi otetezera maso posula, ponola, pokhoma ndi pokoka waya. Chitsulo chimene mutu wake waphwanyika chisalazidwe ndi tupa musanachimenyenso. Ana asaime pafupi ndi munthu wowaza nkhuni kapena wotchetcha ndi chikwakwa. Pa esiteti ndi pa kalabu iliyonse pakhale kapu yoyera ndi pulasitala m'bokosi la chithandizo choyamba.

Mafunso okambirana pa kalabu

1. Kodi chitsotso chimasiyana bwanji ndi cholasa?
2. N'chifukwa chiyani timavindikira ndi kapu osati ndi thonje?
3. Ngozi itachitika lero m'munda mwanu, ndani angapereke galimoto, ndipo mungapite ku chipatala chiti?

Gwirizanani yankho la funso lachitatu pa msonkhano wanu ukubwerawu, ndipo aliyense alidziwe ngozi isanagwe.