Kupeza mabuku a zaluso ndi kutchula bwino chithunzi chimene mwatengamo

Tiyerekeze kuti mukulemba za zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo amene UNESCO idawazindikira mu 2006. Muyambira pati?

Yambani ndi manambala a pashelefu. M'malaibulale otsata dongosolo la Dewey, zaluso zili pa 700: mbiri yake pa 709, zosema pa 730, zopenta pa 750. Koma musangoima pomwepo. Buku la zigoba za gule wamkulu lingapezeke pa 390, pa miyambo, chifukwa wosanja mabuku adaliona ngati nkhani ya chikhalidwe. Funsaninso woyang'anira laibulale za mabuku aakulu kwambiri. Salowa m'mashelefu wamba, amagonekedwa kwina, ndipo kawirikawiri sabwereketsedwa.

Mabuku awiri oyambira ndi awa: kabuku ka Lindgren ndi Schoffeleers ka 1978, Rock Art and Nyau Symbolism in Malawi, ndi buku la Bambo Claude Boucher a ku Mua la 2012, When Animals Sing and Spirits Dance. Tsegulani kumapeto kwake, muone mabuku amene iwo adawerenga, muwalondole. Ena mungakawafunse ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre.

Musanabweze buku, jambulani pafoni tsamba la mutu ndi kuseri kwake. Pamenepo ndi pomwe pali wolemba, chaka ndi osindikiza.

Tsono apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Chithunzi cha m'buku si chosema chenichenicho ayi, ndiye muyenera kutchula zonse ziwiri. Poyamba chinthucho: adachipanga ndani, dzina lake, chaka, kaya ndi chamtengo kapena chadongo, kukula kwake, ndi kumene chikusungidwa, monga ku Chamare Museum ku Mua. Ngati chili ndi nambala ya m'kaundula wa nyumbayo, ilembeni, chifukwa zigoba zotchedwa Chadzunda n'zambiri, koma nambala ndi ya chimodzi. Kenako buku limene mwachionamo, tsamba ndi nambala ya chithunzi. Dzina la wojambula chithunzicho limabisala m'timalemba ting'onoting'ono pambali pake kapena kumapeto kwa buku. Lifufuzeni, naye adagwira ntchito.

Mmisiri akakhala wosadziwika, lembani choncho, osapeka dzina. Kungolemba kuti "Achewa" n'kuzemba, ngati kuti mtundu wonse udagwira sompho tsiku limodzi. Chaka chikakhala chongoyerekeza, nenani kuti ndi cha m'ma 1950, mwachitsanzo. Zojambula za m'mapanga zilibe mutu, choncho tchulani phangalo, monga Chentcherere kapena Mphunzi.

Ngati mwajambula nokha, lembani dzina lanu ndi tsiku, mutapempha chilolezo kwa osamalira malowo. Za kasanjidwe ka mfundozi, kaya APA kaya Chicago, funsani aphunzitsi anu musanayambe, ndipo mutsate kamodzi komweko mpaka kumapeto.