Tiyeni ku Nyumba ya Mabuku

Mwamaliza maphunziro a sukulu ya kwacha. Tsopano mukutha kulemba dzina lanu, ndipo simudindanso chala. Zimenezi n'zokondweretsa kwambiri. Koma kumbukirani khasu. Mukalisiya pakhonde osalimira, limachita dzimbiri. Kuwerenga nakonso n'chimodzimodzi. Munthu akatha miyezi yambiri osagwira buku, malemba amayamba kumuthawa. Tsiku lina mwana akadwala, amalepheranso kuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala. Uthenga wa ndalama ukabwera pa foni, amayambanso kupempha ena kuti amuwerengere.

Nanga mabuku tiwapeza kuti, poti kugula n'kodula? Tiwapeza ku nyumba ya mabuku, imene ambiri amati laibulale.

Kodi laibulale n'chiyani?

Laibulale ndi nyumba yosungiramo mabuku kuti anthu onse aziwerenga. Mabuku ake sagulitsa ayi, koma amabwereketsa. Kuno ku Malawi lamulo lokhazikitsa bungwe la National Library Service linapangidwa m'chaka cha 1967, ndipo bungweli linayamba ntchito mu 1968. Likulu lake lili ku Lilongwe. Nthambi zake zili ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Zomba ndi m'maboma ena.

Ena amati, "Kumeneko n'kwa ophunzira, ine ndikatani?" Iyayi, musatero. Pakhomo pa laibulale safunsa kuti munalekeza kalasi yanji. Mlimi, mayi wogulitsa mandasi, agogo, onse ali ndi malo.

Mukafika mutani?

Choyamba, perekani moni kwa woyang'anira mabuku. Muuzeni mosabisa kuti, "Ndangophunzira kumene kuwerenga. Ndikufuna buku la Chichewa la malemba akuluakulu." Musachite manyazi, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chachiwiri, funsani za kalembetsedwe. Mukalembetsa dzina, mumaloledwa kupita ndi buku kunyumba. Funsaninso tsiku lobweza, ndipo mulilembe nokha papepala.

Chachitatu, tsegulani bukulo muwerenge tsamba loyamba muli pomwepo. Ngati mawu okuvutani achuluka, libwezeni mutenge lina. Buku lovuta mudzalipeza chaka chamawa, silithawa.

Mabuku oyambira

Ambiri amayamba bwino ndi timabuku ta nthano ta ana. Si chipongwe ayi. Mawu ake ndi ochepa, ndipo zithunzi zimathandiza. Mukazolowera, funsani mabuku awa:

Nzeru za Kale, lolembedwa ndi Stevenson Kumakanga. Muli miyambi ya makolo. Yambiri mumaidziwa kale pamtima, choncho maso savutika kuilondola.

Sikusinja ndi Gwenembe, lolembedwa ndi John Gwengwe. Ndi nkhani ya anthu awiri apachibale, ndiponso za kuipa kwa nsanje. Ndi yabwino kuwerengera ana madzulo.

Kukula ndi Mwambo, la Gwengwe yemweyo. Likufotokoza za makhalidwe ndi kaleredwe ka ana pamudzi.

Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, amene anali mphunzitsi. Linatuluka mu 1933. Likusimba za moyo wa munthu wa kumudzi, kuyambira kubadwa mpaka atakhala mfumu. Limeneli ndi lalitaliko, musaliyambirire.

Ngati buku lina palibe, musabwerere chimanjamanja. Funsani la ulimi, la zaumoyo kapena nyuzi ya Chichewa.

Si mabuku okha

Laibulale imasonkhanitsanso anthu. Mwachitsanzo, kuyambira mu 2012 antchito a National Library Service anayenda m'midzi ya m'maboma osiyanasiyana. Ankajambula mawu ndi zithunzi za akuluakulu akusimba nthano, kuti nthanozo zisafere limodzi ndi eni ake. Pambuyo pake ana ankasonkhana ku laibulale ya ku Lilongwe kudzamvera nthano zoterezi. Taonani! Nzeru za agogo a kumudzi zinapeza malo m'nyumba ya mabuku. Nanga inu muopa chiyani?

Choncho mukafika, werengani zidziwitso zomata pakhoma. Funsani ngati pali tsiku la nthano za ana kapena gulu la owerenga. Mukamva tsiku lake, pitani ndi ana anu.

Ngati laibulale ili kutali

Ambiri a ife tili kumidzi, kutali ndi boma. Musataye mtima. Kambiranani ndi anzanu amene munali nawo m'kalasi, mupange gulu la anthu asanu kapena khumi. Pemphani mphunzitsi wanu kapena mlangizi wa chitukuko kuti akuthandizeni kupeza mabuku. Mmodzi akamapita kumsika wa paboma, akhoza kukalembetsa ndi kubwereka buku. Sankhani tsiku limodzi pa sabata. Khalani pansi pa mtengo, aliyense awerengeko ndime imodzi mokweza. Wina akakakamira pa liwu, mnzake amuthandize, osamuseka.

Kusamala buku

Buku la ku laibulale ndi la tonse. Sambani m'manja musanaligwire. Lisungeni m'pepala la pulasitiki, kuopa mvula ndi chiswe. Musang'ambe tsamba kuti mupichirire fodya kapena kukulunga mtedza. Libwezeni pa tsiku lake, chifukwa mnzanu akulidikira.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani munthu amaiwala kuwerenga atamaliza sukulu ya kwacha?
2. Bungwe la National Library Service linayamba ntchito chaka chiti?
3. Tchulani mabuku awiri amene mungakafunse.
4. Kodi laibulale yapafupi ndi kwanu ili kuti?

Ntchito

Lembani m'kope mwanu dzina la buku limene mukufuna kuwerenga mwezi uno. Pansi pake lembani mayina a anzanu atatu amene mudzawerenge nawo.